Mmene Nachanza Anakhalira Agogo a Mfumu Sindilakwa

Ku ufumu wa Tiombemanja kuseka sikunali koletsedwa ayi, tisawanamizire eni dziko. Munthu ankatha kuseka mbuzi, kuseka mlamu wake, ngakhale kudziseka yekha akaponda ndowe ya ng'ombe. Mlandu unali kuseka Mfumu Sindilakwa Wachitatu iyo ili pomwepo ikumva. Lufeyo Kapalamula, woswa miyala wa ku Tidikire, anachita zomwezo masana dzuwa likuswa mtengo.

Linali tsiku lotsegulira mpopi wa ku Tidikire. Mfumu inabwera ndi mdipiti wa galimoto, amayi atavala nsalu za nkhope yake, ana a sukulu atawaumika padzuwa chim'mawire. Nduna Yoona za Madzi ndi Malonjezo inalankhula mpaka thovu kukamwa, ikuti ludzu lathamangitsidwa m'dziko muno ndipo likadzangobwereranso lidzamangidwa. Kenako Mfumu inadula kansalu n'kupotokola mpopi. Mpopi uja unatsokomola, unapuma kaye, n'kutulutsa mphepo yokhayokha, ndi kaphokoso kaja kamene munthu amafa nako manyazi akakachita pamaso pa apongozi. Anthu onse analuma milomo, ena n'kuyamba kuyang'ana mitambo. Lufeyo yekha ndiye analephera kudzigwira. Anaphulika chikhakhali mpaka kukhala pansi, ndipo asilikali anamunyamula akusekabe. Anatenganso hamala yake, ati ndi chida choopsa, n'kukamutsekera kundende ya Khalakaye, kumene munthu sauzidwa tsiku lotuluka.

Mkazi wake Nachanza anatsala ndi mwana wawo Mwatitha, mulu wa miyala m'mbali mwa msewu, ndi manja awiri. Ankapita kuchipata cha ndende, amlonda n'kumuuza kuti abwere mawa, mawa lakelo n'kumuuzanso chimodzimodzi, mpaka patapata wake anaduka. Mtima unkamupweteka, ndipo sankabisa. Ankati njala si yachilendo kwawo, koma nyumba yopanda kuseka kwa bambo a Mwatitha inkangokhala ngati pamaliro. Poti mwana samadya chisoni, Nachanza anabwerera pamulu paja. Hamala panalibe, ndiye ankatenga mwala waukulu n'kumaswera mwala unzake.

Pamene izi zinkachitika, kunyumba yachifumu kunagwa tsoka lalikulu kuposa mpopi. Mfumu inaonera kanema wa kunja wonena za anthu akalekale, aja okhala m'mapanga, aubweya thupi lonse, oyenda chowerama. Mpaka pamenepo inkasangalala, ikuloza uyu kuti akufanana ndi nduna yakuti. Koma mzungu wofotokozayo atanena kuti mafupa akale kwambiri a munthu anafukulidwa ku ufumu woyandikana nawo wa Atiposa, Mfumu inakankha mbale ya nyama. Nduna zonse zinaitanidwa zikutafunabe.

"Kodi ine Sindilakwa ndingachokere kwa munthu wachiwiri?" inafunsa Mfumu.

Nduna zinaomba m'manja, chifukwa ku Tiombemanja funso la Mfumu amayamba aliombera m'manja, kuyankha n'kwapambuyo. Nduna ya Asilikali inati apite akalande mafupawo. Nduna ya Maphunziro inati mafupa a ku Atiposa ayenera kuti ndi a munthu wa kuno amene anangopita kukacheza. Nduna ya Malamulo, nkhalamba yowonda yosadziwa kumwetulira, ndiyo inapeza nzeru yotchipa. Inakumbutsa bwalo za lamulo lakale lakuti chilichonse chimene wailesi ya kanema ya ufumu, yotchedwa Diso la Mfumu, yaonetsa n'choona, ndipo wotsutsa amapita ku Khalakaye. Nanga kuvutikiranji kukumba, pamene Diso lingathe kungoona? Lamulo linatuluka pomwepo: Diso lijambule kanema woonetsa kuti munthu woyamba anali wa ku Tiombemanja, anali mayi poti kuno mtundu umatsata kuchikazi, ndipo m'mimba mwake ndimo munachokera Sindilakwa, mosakhota, mosapatuka.

Ntchitoyi inagwera mkulu wojambula wa Diso, Bambo Dyeratu. Poyamba akazi a nduna ankakanganirana malo a mayi woyambayo, ena mpaka kusiya kupatsana moni kutchalitchi. Koma atamva kuti mayiyo ayenera kuvula wigi ndi nsapato, kumatidwa matope ndi kutafuna mizu dziko lonse likuona, onse anadwala tsiku limodzi. Dyeratu anayamba kuwonda khosi, mimba yokha ili chikhalire.

Nachanza anangoona galimoto yaima pafupi ndi mulu wake, n'kutsika bambo wa kachipewa kakang'ono, akumusuzumira pakati pa zala zake ngati wamisala. Iye anayesa ndi anthu a msonkho, ndipo anakonzeka kuwauza kuti miyalayi ndi ya Mulungu. Koma bamboyo anagwada pafumbi n'kufunsa kuti luso lamakedzana loswa mwala ndi mwala anamuphunzitsa ndani. Nachanza anati anamuphunzitsa asilikali a Mfumu. Dyeratu sanamve n'komwe, anali kalikiliki kuyamika makolo. Atafotokoza chimene ankafuna, Nachanza anatsala pang'ono kumuthamangitsa ndi mwala womwewo, koma anamva kuti kujambulako kukachitikira kuseri kwa nyumba yachifumu. Anaganiza kuti kuchipata cha ndende wapita mokwanira, mwina kufupi ndi mwini ndende kungapezeke khutu lomva. Anamusiya Mwatitha kwa mnzake Nasikelo, wogulitsa tomato mumsika wa Bweramawa, n'kukwera galimoto.

Phanga la anthu akale analimanga ndi simenti, n'kulipaka utoto wakuda. Munali magetsi osazima, ndipo pambali pake panali mpopi wotulutsa madzi enieni, oti azinyowetsera matope omata Nachanza. Mayiyo anauyang'ana mpopiwo nthawi yaitali. Anamuveka chikopa cha mbuzi chonunkha ngati mwini wake anafa dzulo, anamusokoneza tsitsi, n'kumuuza kuti aziyenda chowerama ndipo asalankhule, chifukwa anthu akale analibe mawu. Iye anati zimenezo sizovuta, anthu a lero a ku Tidikire nawonso alibe.

Zina zonse zinayenda ngati madzi. Akumbe mizu, anakumba. Atole nkhuni, anatola. Akatunge madzi pachithaphwi ndi chigoba, anatunga n'kuchotsa ndere ndi dzanja osauzidwa. Dyeratu ankangogwira mutu, akuti sanaonepo munthu wodziwa sewero chotere, ndipo anafunsa kuti anaphunzira kuti. Nachanza anati wakhala akukonzekera chibadwire.

Vuto linabuka atabweretsa msilikali wina womata ndevu zachingwe kuti akhale mwamuna woyamba. Nachanza anakanitsitsa. Anati iye ndi mkazi wapabanja, sangalowe m'phanga ndi mwamuna wa eni, kaya n'kalekale kaya ndi lero. Anamunyengerera, anamuopseza, koma mayi anangokhala pamwala manja atapinda. Pomaliza Dyeratu anati basi, wofotokoza adzanena kuti mwamunayo wapita kosaka, ndipo mayi aime pakhomo pa phanga akuyang'ana kutali ngati akumudikira. Nachanza anaima. Kuchokera pamenepo malata a ndende ya Khalakaye ankaoneka akunyezimira kutsidya kwa dambo. Misozi inatsika yokha n'kulemba mizere m'matope a kumaso, ndipo Dyeratu analumpha ndi chimwemwe, akuuza anzake kuti ajambule pafupi.

Tsiku loonetsa kanemayo magetsi anayaka dziko lonse, moti nkhalamba zina zinachita mantha, zikufunsa kuti wamwalira ndani. Ku Bweramawa anthu anadzazana m'kachisakasa koonetsera mafilimu, ena akusuzumira m'mipata ya makatoni. Mawu okhuthala ochokera m'bokosimo anati awa ndiwo mayi woyamba padziko lapansi, agogo enieni a Mfumu Sindilakwa Wachitatu, ndipo amuna awo apita kosaka. Kumapeto kunabwera chithunzi cha anthu ali pamzere, woyamba akukwawa, wachiwiri atawerama, wachitatu akudzuka, mpaka wotsiriza ataima njo, atavala suti, ndiye Mfumuyo. Wogulitsa makala wina anati anthu akale ankadyerera, nkhuni pafupi, madzi pafupi, wowathamangitsa pamsika palibe. Nasikelo anati ndiye kuti pa zaka zonsezi chimene tawonjezerapo ndi chitenje basi. Anthu anatsokomola kwambiri, poti kutsokomola kunalibe mlandu.

M'mawa mwake Nachanza atalowa mumsika, Nasikelo anagwada pakati pa tomato wake n'kuomba m'manja mwaulemu. "Mwadzuka bwanji, agogo a Mfumu?"

Msika wonse unatengera pomwepo. Awa agogo, awo agogo, wina kuwapatsa mpando, wina kuwadandaulira kuti mdzukulu wawo wakweza msonkho. Phokosolo linakoka wapolisi wina amene ntchito yake inali kugubuduza madengu a amayi. Anafika ndodo ili m'mwamba, n'kufunsa kuti akuchita chipongwe chanji ndi dzina la Mfumu. Nasikelo anamufunsa mofatsa ngati iyeyo akutsutsa zimene Diso laonetsa. Wapolisi anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anatsitsa ndodo, anavula chipewa, n'kupereka moni kwa agogo ndi manja awiri. Anthu anatsokomolanso, koma Nachanza sanatsokomole nawo. Ankayang'ana chipewa chili m'manja mwa wapolisiyo, chifukwa anali ataona khomo pamene panali khoma.

Mwayi sunachedwe. Mfumu inakondwa ndi kanemayo mpaka inalengeza Tsiku Lothokoza Makolo, ndipo inaitana mayi wa m'kanema kuti akalandire mphatso pabwalo lachifumu, Diso likuonetsa zonse nthawi yomweyo. Nasikelo anamubwereka chitenje chatsopano, koma Nachanza anakana. Anapempha chikopa chake cha mbuzi chija, anadzimata matope yekha, n'kupita choncho.

Tsono pabwalo la Sindilakwa aliyense amalowa chogwada, akuomba m'manja ndi kutchula Mfumu kuti Gogo Chalo. Nachanza analowa akuyenda, nduna zikutseka mphuno, n'kukaima patsogolo pa mpando wachifumu. Ankadziwa kuti akaphonya apa Mwatitha akula wopanda bambo ndi mayi omwe. Anaiyang'ana Mfumu kuyambira kunsapato mpaka kuchisoti, monga amachitira agogo mwana akabwera kuchokera kutauni.

"Iwe mdzukulu wanga, wanenepatu. Ukudya wekha eti?"

Pabwalo panangoti zii. Wina anagwetsa supuni kukhitchini, ndipo inamveka. Koma abale inu, ndani sadziwa mwambo? Agogo ndi mdzukulu amanyozana, amasekana, agogo aakazi amamutcha mnyamata mwamuna wawo, agogo aamuna n'kumamuopseza kuti asawalande mkazi, ndipo palibe bwalo limene linazengapo mlandu wotere. Mfumu inatsegula pakamwa, inaona kamera ikuiyang'ana, n'kukumbukira kuti dziko lonse linamva kuti awa ndi agogo ake enieni. Inamwetulira kumwetulira kwa munthu woponda minga pamaso pa alendo. Inati agogo anena zoona, ndipo apemphe chilichonse chimene mtima wawo ukufuna.

"Agogo ako aamuna sanabwerebe kosaka kuja," anatero Nachanza. "Ndamva kuti anasochera, ali ku Khalakaye. Dzina lawo ndi Lufeyo Kapalamula."

Nduna ya Malamulo inakwawira kukhutu kwa Mfumu n'kunong'ona mokweza kuti ameneyo ndi munthu uja anaseka tsiku la mpopi. Nachanza anafunsa kuti nanga agogo akapanda kumuseka mdzukulu wawo, amuseke ndani. Ndunayo inapsa mtima, inaiwala nzeru zake zomwe, n'kuyamba kunena kuti mayiyu asatipusitse, aliyense akudziwa kuti kanema uja linali sewero cha... Mawu anathera pakhosi.

"Malizani, bambo," anatero Nachanza. "Mukuti Diso linanama?"

Nkhalamba ija inayang'ana Mfumu, Mfumu inayang'ana nkhalamba. Diso likakhala kuti linanama, ndiye kuti munthu woyamba abwerera ku Atiposa ndipo Sindilakwa ndi mdzukulu wa munthu wachiwiri. Likakhala kuti silinaname, ndiye kuti Mfumu inatsekera agogo ake m'ndende chifukwa cha nthabwala. Nachanza ankamva thukuta likusungunula matope kumsana. Kenako Mfumu inaimirira n'kulengeza kuti yakhala ikufunafuna agogo ake aamuna kwa nthawi yaitali, ndipo amene anawasocheretsa adzaona. Galimoto inaliza saileni kupita ku Khalakaye.

Munthu amene anatsika m'galimotomo Nachanza anamuzindikira poona makutu ake okha. Mutu anamumeta mpala, khosi linatsala ngati la nkhuku yonyowa, maso ali pansi. Lufeyo uja woseka ndi thupi lonse ankayenda ngati akupepesa nthaka. Nachanza anafuna kulira mokuwa, koma anangomugwira dzanja n'kulifinya.

Mfumu tsopano inali itayamba kuikonda nkhaniyi. Inatambasula manja kukamera n'kunena kuti dziko lione mtima wa Mfumu yake, kuti ndi munthu womva nthabwala. "Agogo, ndisekeni," inalamula.

Lufeyo anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Anayesanso, milomo inangonjenjemera. Mfumu inadikira, kumwetulira kukuuma pang'onopang'ono, ndipo Nduna ya Malamulo inayamba kutsitsimuka, chifukwa kukana lamulo la Mfumu nawonso ndi mlandu wa ku Khalakaye. Nachanza anamunong'oneza mwamuna wake za mpopi uja, anamukumbutsa za tsiku limene mbuzi inadya chipewa cha abusa, anamutsina m'nthiti. Lufeyo anamuyang'ana ndi maso ofiira.

"Mayi a Mwatitha, ndinaiwala," ananong'ona.

Apa Nachanza anaona kuti zonse zathera m'madzi, ndipo mantha anamugwira kuposa pamene ankalowa. Amene anapulumutsa zinthu, mosadziwa, ndi Dyeratu, yemwe ankaopa kuti kanema wake akufa dziko likuonerera. Anakwawira kwa Mfumu n'kunena kuti mwina nkhalambayi siikumuzindikira mdzukulu wake chifukwa waima mowongoka kwambiri. Makolo ankayenda chowerama, ndiye Gogo Chalo atawayandikira m'mayendedwe akwawo, magazi angadziwane. Mfumu inati imeneyo ndi nzeru, ndipo inali itaiganiza kale.

Sindilakwa Wachitatu anatsika pampando, anapinda msana, manja n'kulendewera. Dyeratu anati atsikeko pang'ono. Anatsika. Anati pang'ononso, mpaka zala zachifumu zinakhudza pansi. Tsono ku Tiombemanja kuli lamulo lina lakuti mutu wa munthu usapose wa Mfumu, ndipo mutu wa nduna yaing'ono usapose wa nduna yaikulu. Nduna ya Asilikali, imene inali kumbuyo kwa Mfumu, inagwa ndi mawondo ndi manja. Ya Malamulo inatsikira pazigongono. Ya Maphunziro inagunditsa chibwano pansi. Yotsiriza pamzere inali Nduna Yoona za Madzi ndi Malonjezo, imene inalibe kotsikira kwina koma kugona chafufumimba, ndipo poti mimbayo inali yaikulu, miyendo ndi manja zinkangopalasa m'mwamba. Mzere wonse unayamba kuyenda kulunjika kwa Lufeyo, Mfumu patsogolo ikudzikanda m'khwapa monga inaonera m'kanema. Chinali chithunzi chija cha kumapeto kwa filimu, koma anthu oima njo pabwalo lonselo anali awiri okha, oswa miyala a ku Tidikire.

Nachanza anamva dzanja la mwamuna wake likugwedezeka. Mapewa anayamba kudumpha. Ndiye Nduna ya Madzi, poyesetsa kuti isatsalire, inadzikoka mwamphamvu pamimba paja, ndipo panamveka kaphokoso kaja, kofanana ndendende ndi ka mpopi wa ku Tidikire.

Lufeyo anaphulika. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, anaseka mpaka kukhala pansi n'kumamenya simenti ndi chikhatho, akuloza Mfumu, akuloza nduna, misozi ili mbwembwembwe. Nachanza analira ndi kuseka nthawi imodzi, osasamala kuti ndani akuona. Mfumu inadzuka ikupukuta zala, yokhutira kwambiri, n'kuuza dziko kuti magazi adziwana. Pomwepo inalamula kuti agogo Lufeyo ndi mfulu, ndipo ndi iwo okha mu ufumu wonse amene ali ndi chilolezo choseka Mfumu.

Ali pachipata, Nachanza anakumbukira hamala, ndipo anabwerera kukaipempha. Nduna ya Malamulo, ikusasa fumbi m'zigongono, inamwetulira koyamba m'moyo wake. Inati pepani agogo, Diso linaonetsa poyera kuti inu mumaswa mwala ndi mwala unzake, ndiye kuti pa nthawi yanu hamala inali isanapangidwe. Kapena agogo akuti Diso linanama? Nachanza anaiyang'ana nkhalambayo, anayang'ana mwamuna wake ataima padzuwa kunja kwa mpanda, n'kuona kuti pamsika uwu wagula zokwanira. Anamugwira dzanja Lufeyo n'kumapita kwawo.

Mpaka lero mukadutsa ku Tidikire muwapeza awiriwo pamulu wawo, aliyense ndi mwala wake m'manja, Mwatitha akusewera pambali. M'mawa amayi akamapita kudambo ndi zidebe amayamba aima pampopi paja, wina n'kuupotokola, mpopiwo n'kutsokomola mphepo yake. Akatero amatembenukira kumsewu n'kuitana mwaulemu kuti agogo, tisekereniko. Lufeyo amaika mwala pansi, amapukuta manja, n'kuwasekera onse mpaka atakwana, Nachanza akumuyang'ana ngati anakwatirana dzulo. Kenako amayi aja amasenza zidebe zawo zopanda kanthu n'kutsetserekera kudambo, akutsokomola njira yonse.